Nkhokwe Imene Sinakwane

Kalekale, nsungwi zisanathe m'mapiri, panali munthu wina dzina lake Kamphinda. Ntchito yake inali yoluka nkhokwe. Khala pansi umve, iwe amene umangoti "chabwino, chabwino" munthu asanamalize n'komwe kulankhula.

Kamphinda anali mmisiri, koma mmisiri wotopetsa. Ukamuitana, sankayamba ndi chikwanje ayi. Ankayamba ndi mafunso.

"Mufuna kusungamo chiyani? Chimanga kapena mapira? Munda wanu umatulutsa madengu angati?"

Ukayankha, ankadula ndodo yotalika monga mmene nkhokweyo idzatalikire. Pandodopo ankasema zizindikiro zitatu: cha m'bondo, cha m'chiuno, ndi cha pothera. Ndodoyo ankaizika pambali.

Khoma likafika pa chizindikiro choyamba, ankasiya kuluka. "Bwerani mudzaone. Tikuyenda limodzi?" Ukavomera, ankapitiriza. Pa chachiwiri, chimodzimodzi. Pa chachitatu, mwini nkhokwe ankati, "Yakwana," n'kumubweretsera makwerero. Pajatu Kamphinda ankaluka ali m'kati, kuti nkhokwe izungulire bwino. Ndipo nkhokwe ilibe khomo.

Anthu ankadandaula. Mayi wina, Nangondo, anachita kumukalipira. "A Kamphinda, ndakuitanani kudzaluka kapena kudzandizenga mlandu?" Koma chaka chimenecho chimanga cha Nangondo chinalowa chonse, nkhokwe n'kudzaza mpaka m'milomo, osatsala kanthu panja.

Dzina la Kamphinda linamveka. Ndipo dzina likamveka, mutu umakula.

Tsiku lina, m'nyengo yotentha, dzuwa lili paliwombo, pakhomo pake panaima mlendo. Sanaodire. Anali wamtali, khungu lotuwa ngati phulusa. Ankaoneka kuti wachokera kutali, koma kumapazi kwake kunalibe fumbi. Agalu sanauwe. Anangopinda michira n'kukabisala kuseri.

"Ndinu a Kamphinda? Mbiri yanu yadutsa mapiri asanu. Ndikufuna nkhokwe."

Kamphinda anatsegula pakamwa kuti afunse, koma mlendo anamudula.

"Amisiri ena amanditopetsa. Ichi chifike pati, icho n'chingati. Ana amenewo! Mmisiri weniweni amangoona ndi maso. Si choncho?"

Kamphinda anameza funso lake. "Ndi choncho."

Ha! Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kugwa ndi mawu okoma basi. Zimandinyansa ine.

Mkazi wake, Nachanza, anamukokera pambali.

"Abambo, osadula ndodo?"

"Ya chiyani? Ndinayamba kuluka dzulo ine?"

"Nanga mubwera liti? Mvula ili pafupi, kumunda sitinayambe."

"Masiku anayi."

"Masiku anayiwo wanena ndani? Iyeyo kapena inu?"

Kamphinda anatenga mpeni wake n'kutsatira mlendo.

Anayenda. Anayenda. Anawoloka mtsinje wouma, analowa m'nkhalango, anafika pabwinja. Panalibe utsi. Panalibe nkhuku. Ngakhale njiwa sinkalira. Koma nsungwi zinalipo mulu waukulu, zong'amba kale. Thandala lokhazikapo nkhokwe linali lomanga kale, nsichi zozika kale mozungulira.

Kamphinda anayang'ana uku ndi uku. Munda sanauone. Funso linafika pakhosi, manyazi n'kulibweza. Analowa pakati pa nsichi n'kuyamba kuluka.

Analuka, analuka. Khoma linafika m'bondo. Manja ake anaima okha, monga mwa chizolowezi.

"Lafika m'bondo, mwini nkhokwe."

"Lukani, mmisiri, lukani. Mtima wanga sunati."

Mlendoyo anali panja, akukanda dothi. Pamene Kamphinda waluka, iye ankamata. Pamene waluka, ankamata.

Tsiku lachiwiri khoma linafika m'chiuno.

"Lafika m'chiuno, mwini nkhokwe."

"Lukani, mmisiri, lukani. Mtima wanga sunati."

Tsiku lachitatu khoma linafika m'khosi. Apa akadafuna, Kamphinda akadadumpha n'kumapita kwawo. Anaganiza ndithu. Koma anati mumtima, "Ine Kamphinda, ndithawe ntchito mwini wake asanati yakwana? Anthu adzati chiyani?" Anatola nsungwi ina.

Khoma linapitirira mutu. Anapingasa mitengo m'katimo n'kuimapo. Linapitiriranso. Anapingasa ina. Nsichi sizinkatha. Atazipenyetsetsa, anaona kuti zamera mizu, zikuphuka masamba, zikukula iye akuona.

Mlendo ankamupatsira nsungwi pamwamba pa khoma. Ankamupatsira mbatata yootcha ndi madzi a m'chikho. Sankakwera pa kanthu. Koma dzanja lake linkafika.

Apa m'pamene Kamphinda anayamba kuopa.

Masiku anayi aja atadutsa kale, mitambo inada kum'mawa. Kunagunda. Fungo la mvula linafika.

"Mwini nkhokwe! Yakwana kodi? Bweretsani makwerero, kwathu akundidikira."

"Lukani, mmisiri, lukani. Mtima wanga sunati."

"Nanga mtima wanuwo udzati liti?"

"Ukadzati, mudzamva."

Kamphinda anataya nsungwi. "Sindilukanso!" Anakhala pamitengo yake, manja atapinda. Mlendo sanakalipe. Tsiku linapita, mbatata osabwera. Lachiwiri linapita, chikho osabwera. Lachitatu lilime linauma gwaa. Kamphinda anatola nsungwi. Nthawi yomweyo dzanja lija linatulukira ndi madzi.

Anatsikira pansi m'katimo kuti aboole khoma. Anadula nsungwi, anafika pa dothi. Dothi linali litauma ngati mwala. Mpeni unapindika.

Anakweranso kuti atsikire kunja. Anasuzumira. Kunja kunali see, kosalala ngati mbiya, popanda pogwira. Mitengo ya m'nkhalango inali pansi pake.

Pamenepo anachonderera.

"Pepani, mwini nkhokwe, ndinalakwa. Tiyeni tipangane tsopano. Yatsala mikono ingati? Itatu? Khumi? Nenani, ndiseme chizindikiro, ndikafikapo nditsike."

Mawu anachokera pansi, odekha, opanda mkwiyo.

"Zopangana zimachitika pansi, mmisiri, mapazi onse ali padothi. Mukadandifunsa pakhomo panu paja, ndikadakuyankhani. Ine sindinama. Amene anandifunsa ndinawauza, ndipo onse anakana kubwera."

Kamphinda anabwerera ku nsungwi zake.

Mvula inagwa. Inagwanso. Iye ali kuluka. Khoma linakwera mpaka anatha kuona kutali. Ndipo tsiku lina m'mawa, nkhungu itachoka, anaona chimene sanafune kuona. Pamwamba pa nkhalango panatulukira nkhokwe zina. Ina apa, ina apo, ina kutsidya. Zazitali, zomata bwino, zopanda denga. Pamwamba pa iliyonse panali manja awiri akuluka.

Anafuulira yapafupi. "Inu apo! Inu!"

Kunadzuka mutu woyera mbuu. Anali nkhalamba, maso olowa, zala zopindika. Manja ake sanaleke kuluka.

"Mwakhala nthawi yaitali bwanji muno, agogo?"

"Kaya. Ndinasiya mkazi wanga ali woyembekezera."

"Nanga mwanayo?"

"Mwina pano ali ndi zidzukulu." Nkhalamba inamuyang'ana. "Nawenso anakuuza kuti ndiwe mmisiri weniweni?"

Kamphinda anatembenuza nkhope. Atatembenuka, anaona kwawo. Kutali, kutsidya kwa mtsinje uja, anazindikira munda wake. Minda ya anzake inali yobiriwira. Wake unali tchire, kupatula kachigawo kakang'ono kumapeto. Pamenepo panali munthu mmodzi, wochepa ngati nyerere, atawerama ndi khasu. Ankalima pang'ono, n'kuweramuka, n'kuyang'ana kunjira. Ankalima pang'ono, n'kuyang'ana kunjira.

"Nachanza! Nachanza iwe!"

Mawu anapita ndi mphepo. Mkazi uja anaweramanso.

Kamphinda analira. Analira ngati mwana, mamina chuchuchu, munthu amene ankanyada mudzi wonse. Ndikamafika pamenepa, nanenso chisoni chimandigwira, ngakhale anazifuna yekha.

Misozi itatha, anapukuta kumaso. Anasuzumira pansi. Mlendo anali pomwepo, akukanda dothi, nkhope yotuwa itayang'ana kumwamba.

"Mwini nkhokwe, ndiyankheni chimodzi chokha."

"Funsani."

"Munda mulibe. Chimanga mulibe. Mapira mulibe. Kodi nkhokwe imeneyi mudzasungamo chiyani?"

Mlendo anasiya kukanda. Kwa nthawi yoyamba anamwetulira.

"Mwafunsa bwino, mmisiri. Chosungamo chili kale m'katimo."

Dzanja lija linakwera, linakwera, n'kumupatsira nsungwi ina.

Kamphinda sanabwerere kwawo. Alenje amati ukalowa kwambiri m'nkhalango imeneyo masana, mphepo itaima, umamva nsungwi zikulira m'mwamba, kwetche, kwetche. Ukamva, usayang'ane kumwamba. Bwerera.

Wamva, iwe? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu akakupatsa ntchito, mufunse chimene akufuna, ndipo achinene mowerengeka. Mtima wa munthu ulibe muyeso. Dula ndodo, sema zizindikiro, muone nonse pamene mudzaime n'kuonana, ndi pamene mudzati yakwana. Akakwiya ndi mafunso, akwiye. Akayamba kukutama kuti usafunse, tenga mpeni wako ubwerere m'nyumba. Funsa udakali pansi, chifukwa ukakwera, makwerero ali ndi mnzako.

Nthano yanga yathera pamenepa, koma Kamphinda akadali kuluka.