Simenti ya Lucious

Evelina anali kupinda zovala zochokera mu draya, makina oumitsira aja, miyendo ikuwawa ndi mashifiti atatu otsatizana osamalira odwala, pamene foni inalira. Anali Edmond wa kutchalitchi.

"Alamu, musadzidzimuke. Njerwa zagwera a Lucious m'mutu kuno ku Fort. Akulankhula, koma magazi ndiye osanena. Tikuwathamangitsira kuchipatala."

Evelina anaponya thawulo pampando, n'kutenga makiyi. Sanafunse kuti njerwa zake ziti. Ankazidziwa.

Lucious, mwamuna wake, ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yokonza nyumba zakale za asilikali ku Lawrence, kutsidya kwa nyanja, zija amazitcha Fort, zomwe anthu amabwera kudzaona. Mu Okutobala anamupatsa khoma la pamwamba pa khomo lalikulu kuti amatenso mipata ya pakati pa njerwa. Mkulu wawo, a Chester, mmisiri wa imvi mbuu, anamuuza mosapita m'mbali: "Laimu ndi mchenga basi. Njerwazi zapitirira zaka zana, n'zofewa. Simenti imatsekera madzi m'kati, chisanu chikabwera zimaphulika."

Koma laimu amafuna kudekha. Umamata pang'ono, kuphimba, kunyowetsa, n'kudikira masiku. Sabata yomweyo a Chester anadwala msana. Lucious anatsala yekha, kuzizira kukuyandikira, ndipo anakagula matumba awiri a simenti.

"Bambo a Upile, mwawakola pafoni a Chester?" Evelina anamufunsa tsiku limenelo.

"Ndiwakole chifukwa chiyani? Ndamanga nyumba zingati ku Ndirande ine? Inagwa iti?"

"Ku Ndirande kumagwa chisanu cha sino ngati kuno?"

"Inu za mabedipani anu okodzeramo odwala zikukwanireni. Khoma ndi simenti."

Evelina anangomusiya, n'kukagona. Munthu wotopa sakokana ndi bulu.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali choopsa, mpaka mapaipi kuphulika m'nyumba za anthu. Khoma linangokhala duu, losalala, lokongola. M'kati madzi ankaundana, kusungunuka, kuundananso. Litafika tsiku loyamba lolandira alendo mu Malichi, Lucious anaitana anzake a kutchalitchi kuti adzaone ntchito ya manja ake. Anaima pakhomo paja, n'kumenya khoma ndi chikhatho katatu. "Imvani kulimba kwake!" Zidutswa za njerwa zinayoyoka kuchokera pamwamba. Mayi wina wokankha mwana m'kangolo anali atangodutsa kumene.

Kuchipatala Evelina anamupeza atasokedwa malo asanu ndi anayi, maso ali kudenga. Pambali pa bedi panaima a Chester, atatsamira ndodo, m'manja muli chidutswa cha njerwa chomwe simenti inali itachigwira ngati nkhanu.

"Simenti yako siinasweke ngakhale pang'ono," iwo anatero motsitsa mawu. "Zasweka ndi njerwa. Zoterezi saumbanso. Nyumba yatsekedwa, alendo abwezedwa. Chilichonse chomwe unamata chiyenera kugobedwa ndi tchizulo, pamanja. Abwana akufuna kukuona Lolemba."

"Andichotsa?"

"Anandifunsa ngati ndinakuuza za laimu. Sindinaname."

Atatuluka a Chester, Lucious anatembenukira kwa mkazi wake. "Mayi a Upile, mwina mukanawapempha abwanawo inuyo..."

"Ine? Za mabedipani anga zandikwanira. Mukawapemphe nokha, ndi bandeji yanuyo. Ndipo muthokoze Mulungu kuti mutu unali wanu, osati wa mwana wa eni."

Anamusiya ndi Edmond, chifukwa mwana wawo Upile anali yekha kunyumba. Atafika anapeza mulu wa zovala uli pomwe anausiya, utazizira. Anapinda mathawulo, anapinda za mwana. Atafika pa malaya a kuntchito a Lucious anaima nawo m'manja, osadziwa ngati awasite kapena awaponye pansi pa kabati. Anawaika pambali, n'kutola sokosi.

Akuluakulu sananame: wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.