Dzungu Lopanda Pakamwa

Kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe, panali mudzi wina umene unkaopa akufa koma osasamala amoyo. Khala pansi umve, ndipo usaseke, pakuti ine nthano iyi imandiwawa.

M'mudzimo munali mwambo. Nthawi ya masika, chimanga chitalowa m'nkhokwe, maungu ali mbwee m'minda, pankakhala tsiku la alendo. Ankati tsikulo akufa amabwera kudzaona ana awo. Ndiye anthu ena ankatenga dzungu lalikulu, kulikumba m'kati, kuboola maso awiri ndi pakamwa, kulivala kumutu, kudzifunda masamba a nthochi, n'kumayenda khomo ndi khomo osayankhula.

Lamulo linali limodzi. Wa dzungu akaima pakhomo pako, um'patse chakudya. Usam'funse dzina. Usamuvule dzungu. Mwina ndi mnansi wako akusewera, mwina ndi mzimu weniweni, iwe sungadziwe.

Tsono munali nkhalamba ina, Anachanza, ndi mwana wawo mmodzi yekha, Mwatitha. Mwatitha anali ndi nkhokwe zitatu. Amayi ake anali ndi kanyumba kodontha kuseri kwa khola, ndi miyendo yosathanso kufika kumunda.

Anachanza ankapita kwa mwana wawo ndi kambale. "Mwatitha mwananga, kaufa."

"Amayi, ufa watha."

Watha bwanji, mtondo ukulira kuseri kwa nyumba? Ankapitanso mawa lake, ufa watha. Ankapitanso mkuja, bwerani mawa. Nkhalamba inkabwerera ndi kambale kake, n'kukabwatitsa masamba opanda mchere.

Tsiku la alendo litafika, Anachanza anathyola dzungu lomera padzala. Analikumba ndi kampeni kobuntha, analiboola maso ndi pakamwa, analivala. Pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka pakhomo pa mwana wawo.

Mwatitha ataona wa dzungu anagwada pansi. Anaomba m'manja. Anatulutsa nkhuku yophika, lichero la mtedza, chipanda cha thobwa, ndi ufa umene unatha uja. Anapempha mizimu ya makolo kuti imusungire ana ndi nkhokwe zake.

Nkhalamba inalandira ikulira m'kati mwa dzungu. Inadya masiku asanu. Chaka chonse inadya bwino masiku asanu okhawo.

Masika ena anafika. Anachanza anathyolanso dzungu, anakumbanso, anavalanso. Mwatitha anagwadanso. Koma pogwadapo maso ake anagwera pa mapazi a mlendoyo, ndipo anaona chala chopindika cha phazi lamanzere. Chala chimenecho ankachidziwa kuyambira ali wokwawa.

Anadzuka. Anaiwala lamulo. Anagwira dzungu lija, kulizula, kulimenyetsa pansi, phwaa, anthu onse akuona.

"Amayi, mulibe manyazi? Mukubera akufa?"

Nkhalamba inayankha motsitsa mawu. "Mwananga, ndinaona kuti pakhomo pano amadya ndi akufa okha."

Anthu anaseka. Ena anati nkhalamba yachita zachibwana, ena anati mwana waphwanya mwambo. Anatsutsana mpaka dzuwa linapendeka. Koma amene anati gogoyu tim'patse kaufa, panalibe ndi mmodzi yemwe. Mwatitha anabweza nkhuku yake m'nyumba, natseka chitseko.

Mvula inagwa, mwezi wa njala unafika. Kanyumba ka kuseri kwa khola kanasiya kufuka utsi. Anthu anawapeza Anachanza atauma kale, kambale kali pambali.

Ndiye ukanaona maliro ake! Mwatitha anatsegula nkhokwe yathunthu. Anapha mbuzi ziwiri. Analira mpaka mawu anasasa, anthu n'kumamutama kuti mwana uyu ankawakonda amayi ake. Ine zimenezi zimandikwiyitsa. Nkhokwe imene inatha m'masiku atatu pamaliro ikanawasunga amayi aja zaka zingati?

Masika anafikanso. Dzuwa lili paliwombo, wa dzungu anaima pakhomo pa Mwatitha. Dzungu limeneli linali ndi maso awiri. Pakamwa panalibe.

Mwatitha anayang'ana pansi. Chala chopindika, phazi lamanzere.

Anagwada pansi. Anakwawa kulowa m'nyumba, anatulutsa nkhuku. Mlendo sanatambasule dzanja. Anatulutsa mtedza. Sanatambasule dzanja. Anatulutsa thobwa, ufa, nyemba, zonse anaunjika pamapazi paja.

"Amayi, landirani. Ndakupemphani, idyani ngakhale pang'ono."

Mawu anachokera m'kati mwa dzungu, opanda mkwiyo, opanda kulira. "Ndili ndi pakamwa unandimana, Mwatitha. Lero ndidyere pati?"

Mlendo anatembenuka, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, kulowera njira ya kumanda.

Chaka chotsatira anabweranso. Chinacho anabweranso. Sanamenye munthu, sanadwalitse mwana, sanakhudze nkhokwe. Ankangoima, kuyang'ana, n'kupita. Mwatitha ankaphika chaka ndi chaka, chakudya n'kumadyedwa ndi ntchentche ndi agalu. Anakalamba akuphikira munthu wopanda pakamwa.

Wamva? Chakudya chimalowa mwa wamoyo. Mbuzi ya pamaliro imakhutitsa olira, womwalirayo salawako. Ngati kwanu kuli kanyumba kuseri kwa khola, pita ukaone ngati kakufuka utsi, ndipo upite lero.

Yanga nthano yathera pomwepo, pa dzungu la maso awiri lopanda pakamwa.