Dzina la Lusungu m'Pemphero

Amalawi okhala ku Masiphumelele, kufupi ndi Fish Hoek mumzinda wa Cape Town, ankaidziwa bwino kontena ya a Ellina Mhango. Loweruka azimayi ankadzaza pamenepo kudikira kulukidwa tsitsi, wina atakhala pa kreti, wina pa chigubu, a Ellina akuluka uku akulalikira. Manja awo anali achangu, koma pakamwa pawo panali pachangu kuposa manjawo. Musandimve molakwa, sanali mayi wamiseche ayi. Anali mayi wopemphera, ndipo kumpingo kwawo, umene unkasonkhana m'holo yobwereka, ndiwo ankatsogolera gulu la opembedzera. Munthu akadwala, oyamba kufika ndi phala anali iwo. Mtsikana akatsika basi kuchokera kumudzi alibe pofikira, ankagona m'chipinda chawo mpaka atapeza ganyu.

Mpingowo unali wa anthu otembenuka mtima, ndipo chiphunzitso chake sichinali chapatali: munthu amapulumuka ndi chisomo osati ndi ntchito zake, wolapa amakhala watsopano, ndipo zimene mwazi wa Yesu watsuka palibe ali ndi ufulu wozifukula. Abale ankaphunzitsidwanso kusenzerana zolemetsa ndi kupemphererana. Apa ndi pamene a Ellina anali ndi kachitidwe kawokawo. Iwo sankapempherera "mlongo wina" kapena "banja lina." Ankatchula dzina, n'kutchulanso vuto lake kuyambira kumutu mpaka kumchira. Abusa Chakufwa anawatsina khutu kangapo kuti Mulungu si wogontha ndipo sasokoneza ana ake. Mayiwo ankangoseka n'kuyankha kuti pemphero lopanda dzina lili ngati katundu wotumiza kumudzi wosalembedwa, amathera m'manja mwa eni basi. Ndiponso, ankatero, pa pemphero la onse pamodzi aliyense amafuula zake, kiyibodi ikulira m'masipika, ndani angamve za mnzake? Abusa analankhula mpaka anatopa.

Loweruka lina womaliza kukhala pampando anali Lusungu, mtsikana wa ku Rumphi amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek. Anali pa chitomero ndi Gladson, mnyamata wofatsa amene ankaimba kiyibodi kutchalitchi. Kumudzi amalume a mbali zonse anali atayamba kale kukambirana za malowolo, ndipo mpingo wonse unkadikira ukwatiwo ndi maso awiri. A Ellina anayamba kumuseka kuti mkwatibwi ndiye akuwonda chonchi, kodi Gladson adzagwira chiyani? Mtsikanayo sanaseke. Anadikira kuti anthu onse achoke, kenako misozi inayamba kugwera pansalu imene anamukoleka m'khosi.

Anafotokoza kuti chaka chimene anafika ku Cape Town, asanatembenuke mtima, anasowa pogona ndipo anakhala ndi bambo wina ku Langa, dera lina la mumzindamo, bambo amene anasiya mkazi ndi ana kumudzi. Panabadwa mwana. Bamboyo anathawa, ndipo Lusungu anamutumiza mwanayo ku Mzuzu kwa mkulu wake, kumene anthu onse ankamudziwa ngati mwana wa mkuluyo. Kwa Mulungu analapa kalekale, za zimenezo sankakayika. Chimene chinkamudya ndi chakuti Gladson sankadziwa, ndipo iye sankafuna kulowa m'banja atafumbata bodza.

"Ndimuuza ndekha, amama, ndi pakamwa pangapa," anatero Lusungu. "Ndikungosowa mphamvu. Mundipempherere, koma chonde, chamumtima. Dzina langa lisatuluke."

A Ellina anamukumbatira, nawonso akulira, n'kumulonjeza kuti nkhaniyo yathera m'kontena momwemo. Analonjeza ndi mtima wonse, pamenepo sindingawanamizire.

M'mawa mwake holo inadzaza. Atatha mayimbidwe, abusa anauza mpingo kuti uimirire, aliyense atsanulire mtima wake kwa Ambuye. Phokoso linabuka monga mwa masiku onse, wina m'Chitumbuka, wina m'Chichewa, wina m'Chingerezi, Gladson akusisita kiyibodi kuti mapemphero ayende. A Ellina anayamba bwinobwino. Anapempherera odwala, osowa ntchito, amene mapepala awo okhalira m'dzikomo anatha. Atafika pa Lusungu anakumbuka lonjezo lawo, koma anadziuza kuti nkhani yolemera chonchi siyoyenera kuinong'ona, ndipo m'chiphokoso chonsechi palibe khutu limene lingatole kanthu. Anatsinzina, anakweza manja, anakwezanso mawu.

Nthawi yomweyo magetsi anathima, monga ankachitira masiku amenewo. Kiyibodi inangoti zii, masipika zii. Anthu anadzidzimuka, ndipo ambiri anadukiza mapemphero awo kuti aone chachitika n'chiyani. M'bata limenelo munatsala mawu amodzi okha, amphamvu, omveka mpaka kukhomo.

"Mpatseni mphamvu mwana wanu Lusungu, Ambuye, amuuze Gladson za mwana amene anabereka ku Langa! Musalole kuti tchimo lakale limulande banja!"

Mayi amene anaima pafupi anawakoka chitenje, koma mawu anali atatuluka kale. A Ellina atatsegula maso anapeza holo yonse ikuwayang'ana. Gladson anali chikhalire, zala zili pa kiyibodi yosalira. Lusungu anatola kachikwama kake n'kutuluka ali wera, ndipo palibe amene analimba mtima kumutsatira.

Abusa Chakufwa anayesetsa. Anasiya ulaliki umene anakonza n'kukumbutsa mpingo kuti palibe amene analowa m'holomo ali woyera, kuti mlongoyo analapa ndipo kumwamba nkhani yake inatsekedwa. Anapempha kuti zimene zamvekazo zithere pomwepo. Anthu anavomera kuti ameni, ndipo ambiri anavomera moona. Koma pagulu sipalephera wina woyabwa m'kamwa, komanso masiku ano kuchokera ku Cape Town kufika ku Rumphi ndi ulendo wa chala chimodzi pa foni. Dzuwa lisanalowe, amalume ake a Gladson anali atamva. Anaimitsa zokambirana, akuti banja la mtsikanayo linawabisira mwana kuti likweze malowolo.

Gladson sanakalipe, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Abusa atamuitana, mnyamatayo ananena kuti mwana si mlandu, iyenso anali ndi zake zimene Ambuye anamukhululukira. Akanamva kwa mwiniwake, awiriwiri, akanadziwa kuti mkaziyo wamukhulupirira, ndipo akanapeza njira yowafikira amalume ake mwaulemu. Koma tsopano anamva pamodzi ndi ana a Sande sukulu. Ankati akamuona Lusungu, chimene chinkabwera m'mutu mwake ndi maso a anthu aja, ndipo sakanadziwanso ngati mtsikanayo akanamuuzadi kapena ayi. Abusa anamutsimikizira kuti cholinga chinali chimenecho. Mnyamatayo anati akufuna kukhulupirira, koma mtima ukukana. Patapita milungu ingapo anabweza mawu, chitomero chinatha.

A Ellina anafooka ngati odwala. Anatula pansi udindo wawo popanda wowauza. Lamlungu lina anaimirira kutsogolo n'kuvomera kuti anachenjezedwa koma anaumitsa khosi, kuti ankayesa changu chawo ndi Mzimu pamene chinali chizolowezi chabe. Mpingo unawakhululukira. Koma amene ankafunika kumva mawuwo sanalipo, chifukwa Lusungu sanapondenso m'holomo. Kuntchito ankapita m'mamawa, pobwera ankadzera njira yakuseri kuti asakumane ndi a mpingo. Ena mwa iwo ankamumvera chisoni chenicheni, koma chisoni cha anthu ambiri nachonso chimalemera.

A Ellina anapita kunyumba kwake kawiri osamupeza. Ulendo wina anamupeza akumanga katundu. Anali atapeza ntchito ku minda ya mphesa, kutali ndi mzinda, kumene kunalibe womudziwa. Mayi wamkulu uja anagwada pakhomo la kachipinda ka malata, osasamala anthu odutsa, n'kupepesa. Anati apita okha kwa Gladson, aimbira foni amalume aja, aima pamaso pa aliyense kunena kuti mtsikanayo anali wokonzeka kuulula. Lusungu anawagwira dzanja n'kuwadzutsa, anawapatsa mpando, iye n'kukhala pa chikwama.

"Ndinakukhululukirani kale, amama," anatero mofatsa. "Ambuye anandikhululukira zazikulu, ine ndingakanirire chiyani? Ndikudziwanso kuti munkandifunira zabwino."

"Ndiye usapite, mwana wanga. Ndiuze chochita, ndichita."

"Palibe. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nacho chomupatsa Gladson chinali choonadi chochokera pakamwa panga. Chimenecho munandiperekera."

Ulendo uno a Ellina sanapemphere monga ankachitira pa vuto lililonse. Anangothandiza kumanga chikwama chotsalacho, n'kuchisenza pamutu mpaka pokwerera takisi. Anaima pamenepo mpaka galimotoyo inakhota.

Chikhululukiro a Ellina anachilandira, kwa Mulungu, kwa mpingo ndi kwa mtsikana amene anamulakwira, ndipo chinali chenicheni. Koma sichinabweze ukwati wa Lusungu. Akuluakulu sananame pamene anati madzi akatayika saoleka.