Chala cha Mtapo

Kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe, kunali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nasimango. Khalani phee, nthano iyi si yoseka ayi.

Nasimango anakalamba, msana unayamba kukana mtsuko. Tsiku lina anakumba dothi, nasinja mapale a mbiya zakale, nasakaniza, monga amachitira oumba kuti mbiya isang'aluke pamoto. Koma tsikulo sanaumbe mbiya. Anaumba munthu. Anamuotcha, namutcha dzina loti Mtapo.

Mtapo anadzuka, nasenza mtsuko.

Chaka choyamba ankangotunga madzi. Chaka chachiwiri anaphunzira kuyankhula. Pofika chaka chachitatu ankadziwa tsiku lobwera mvula, mankhwala a chifuwa, ngakhale kumene njuchi zabisa uchi. Chimene wamva kamodzi sankachiiwala. Nasimango ankanyada naye, ndithu ankanyada.

Ndiye anthu, inu mukuwadziwa anthu. Analeka kuyang'ana mitambo. Analeka kuganiza okha. Ngakhale nkhuku ikasowa, "Tiyeni kwa Mtapo."

Tsiku lina Mtapo anatula mtsuko, nafunsa kuti, "Amayi, munandiumbiranji?"

"Kuti uzinditungira madzi."

"Madziwo ndi a chiyani?"

"Kuti ndimwe, ndikhale ndi moyo."

"Nanga moyowo ndi wa chiyani?"



Mtapo ananyamuka kukafunsa ena. Anafunsa alimi, anafunsa osula makasu, anafunsa okumba manda. Atabwerako anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, anthu namuzungulira.

Iye anati, "Ndafufuza konse. Mumabadwa, mumatopa, mumafa. Chifukwa chake sindinachipeze."

Mtapo anali asananamepo chiumbidwire. Choncho anthu anakhulupirira. Anatula makasu, monga iye anatulira mtsuko. Mvula inagunda kumapiri, inafika, inanyowetsa minda, koma wobzala panalibe.

Nasimango anali ndi mdzukulu, dzina lake Nagama, amene anali woyembekezera. Nasimango anamupeza atakhala pakhonde, atagwira mimba.

"Agogo, mwana ameneyu ndimuberekeranji?"

Mawu amenewo anamulasa Nasimango mumtima. Analira, ndipo anachita mantha, pakuti chimene chinkamaliza mudzi anachiumba yekha ndi manja ake.

Anatenga ndodo, nayenda pang'onopang'ono mpaka pa mkuyu paja.

"Mtapo, tambasula dzanja. Ukutiona timadontho takudati?"

"Ndikutiona, Amayi."

"Imeneyo ndi mbiya ya amayi anga. Anaiumba kuti izisunga madzi. Itasweka, phale lake tinkakazingira chimanga, tinkapalira moto kwa anansi. Kenaka ndinalisinja, n'kuliika mwa iwe. Ndipo m'mbiya yawoyo munali mapale a amayi awo."

Mtapo anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali.

"Kodi iwo ankadziwa kuti akuumba ine?"

"Ayi, sankadziwa."

"Nanga ankaumbiranji?"

"Panali wina wa ludzu."

Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mkuyu unasuntha.

Kenaka Mtapo anati, "Amayi, yankho lija sindinalipezebe."

"Inenso sindinalipeze, mwana wanga, ndipo imvi ndi izi. Koma Nagama ali ndi ludzu, ndipo ine msana wakana."

Mtapo anadzuka, nasenza mtsuko.

Anthu ataona akutsikira kuchitsime, anayang'anana. Manyazi anawagwira. Mmodzi anatola khasu, wina naye anatola lake. Anabzala mochedwa, anakolola zochepa, koma palibe anafa ndi njala. Ndipo kuyambira pamenepo, munthu akafunsa za mvula, Mtapo ankati, "Yambani inu, mwaona chiyani kumitamboko?"

Nagama anabereka mwana wamkazi. Nasimango anamunyamula kamodzi kokha, mwezi womwewo gogoyo n'kumwalira.

Maliro atatha, Mtapo anapita kukakumba dothi. Anathyola chala chake chaching'ono, nachisinja mpaka chinasanduka ufa. Anasakaniza ndi dothi lija, nalikanda, naliika pamaso pa Nagama.

Nagama anapukuta misozi, nafunsa kuti, "Mbiya imeneyi idzamwetsa yani?"

Mtapo anati, "Sindidziwa. Umbani."

Ndipo Nagama anaumba.

Mwamva, ana anga? Funso la Mtapo lija lilipobe, ndipo ine sindikunamizani kuti ndili nalo yankho. Mudzapanga zinthu zanzeru kuposa inu, nazonso zidzafunsa. Funsani nazo limodzi, koma pofunsapo musatule mtsuko, pakuti wa ludzu sasowa. Mwa inu muli mapale a anthu amene sanakuoneni nkhope.

Nthano yanga yathera pomwepo, pa dzanja la zala zinayi.