Sukulu Imene Mbuzi Zinkadya Kawiri

Mu ofesi ya aphunzitsi munali ketulo imodzi, makapu osafanana, ndi tebulo lalitali lothimbirira ndi tiyi. Kumutu kwa tebulolo kunkakhala ahedi, mayi wa imvi amene ankalankhula pang'ono. Kudzanja lawo lamanja kunkakhala wachiwiri wawo, bambo wosakhazikika pansi, amene ana anamupatsa dzina lakuti Zatheka. Ukawafunsa chilichonse, ngakhale kuti denga lisiye kudontha lero lomwe, yankho linkatuluka funso lisanathe: "Zatheka!"

Sukulu yake inali ya zilankhulo ziwiri. Ine ndayenda, abale. Ndaona sukulu zansanjika zokwera pa chikepe, ndaona zina zimene ana amasambira m'nyumba, koma dongosolo la pamenepa sindinalipeze kwina, n'chifukwa chake ana anga ndinawaika pomwepo. Phunziro lililonse linkaphunzitsidwa kawiri. M'mawa ana ankaliphunzira m'chilankhulo cha kwathu ndi aphunzitsi amene ankatchedwa a Mmawa. Akadya, ankalibwereza lomwelo m'chilankhulo chakunja ndi gulu lina, a Masana. Pa masamu zinkayenda myaa, pakuti kuchotsera n'kuchotsera basi, kaya dzuwa lili kum'mawa kaya lapendeka.

Tsiku lina temu itangoyamba, ahedi anagogoda kapu ndi supuni.

"Tamvani, anzanga. Akomiti akufuna silabasi yathu isinthe. Akufuna phunziro latsopano la kusamala chilengedwe, koma la manja, osati la pa bolodi. Mwana agwire dothi. Akomitiwo adzabwera kudzaona temu ikamatha. Mukudziwanso kuti ine chaka chino ndikupuma. A Zatheka, mukaiyendetsa bwino ntchito imeneyi, uhedi ndi wanu. Apampando a komiti anena okha."

A Zatheka anaimirira, kukhala, kuimiriranso. Uhedi umenewo anali ataulota zaka ndi zaka. Komanso anali atangobwera kumene kuchokera ku msonkhano wa zachilengedwe kunja, foni itadzaza ndi zithunzi.

"Koma musankhe chinthu chimodzi," anatero ahedi. "Chimodzi chokha, choti mwana achione chikuyamba mpaka kutha."

"Dimba n'lokoma, mayi," anatero a Zatheka chala chikuthamanga pa foni. "Koma taonani nyongolotsi izi! Zimadya makoko n'kutulutsa manyowa akuda bii. N'zokoma. Nanga abakha awa? Amatola tizilombo m'dimba, mankhwala osafunika. Iii, mbuzi! Taonani njuchi, mayi! Nanga thanki yokolola madzi a mvula iyi tingaisiye?"

"Ndiye mwasankha chiti?"

"Zonse, mayi. Zatheka!"

Mphunzitsi wa sayansi wa gulu la a Masana anakweza dzanja. "Ndiye ifeyo tizingofotokoza zimene anzathu achita m'mawa?"

"Ayi, ayi, ayi! Mwana akadzala m'chilankhulo cha kwathu, adzalenso m'chakunja. Manja ake adziwe zonse ziwiri."

Ahedi anangopukusa mutu n'kumaliza tiyi wawo.

Mlamu wawo wa a Zatheka, mchimwene wa akazi awo, anali ndi kalole kakale kotsokomola pokwera mtunda. Kaloleko kanayamba kulowa ndi kutuluka pa geti ngati kalembedwa ntchito. Malo osungira njinga anasanduka khola la mbuzi. Kuseri kwa laibulale kunabwera bokosi la nyongolotsi. Ming'oma ya njuchi inakaima kumpanda, abakha pafupi ndi khitchini, thanki pakona pa holo. Mmene zonse zimakhazikika, dimba linali litatsala kamalo kongokwana mikeka ingapo.

"Alamu," anafunsa mwini kalole akutsitsa mbuzi yomaliza, "mukutsegula sukulu kapena famu?"

"Zonse, alamu!"

"Mukadzafuna ng'ona mundiuze, ndikudziwa kumene zili."

Ndiye phunziro linayamba, ndipo ana anasangalala kosaneneka. M'mawa kalasi inkadzala nyemba m'kadimba kaja, kuthirira, kuomba m'manja. Masana ana omwewo ankabwera ndi a Masana kudzadzala m'chilankhulo chakunja, koma malo ena kunalibe. Ndiye ankafukula nyemba za m'mawa zija, kuzipukuta pa yunifolomu, n'kuzidzalanso. Popeza makalasi onse anayenera kulawako, mawa lake kunkabwera ena n'kuchita chimodzimodzi. Sindikhulupirira kuti padziko pano panakhalapo nyemba zoyenda maulendo ambiri kuposa zimenezo, ndipo ndikunena ine amene ndayenda.

Mbuzi zinkadya kawiri. Zinanenepa mpaka makosi anasowa, ndipo zinaphunzira belu: likangolira la masana zinkayamba kuitana chakudya ngati alendo a mu hotela. Nyongolotsi zinkathiriridwa kawiri, bokosi n'kusanduka dziwe, ndipo zina zinathawa n'kukapezeka mu laibulale pansi pa shelefu ya mabuku a mbiri. Thanki inkatsegulidwa m'mawa kuti ana aone mmene madzi a mvula amasungidwira, masana n'kutsegulidwanso kuti aone m'chilankhulo china. Ana ankafika kunyumba matope mpaka m'makutu, akuimba mayina a mbuzi m'zilankhulo zonse ziwiri. Kwa ife makolo sopo ankatha ngati shuga.

Kunyumba kwa a Zatheka nakonso fungo linafika. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, ananyamula jekete ya amuna awo ndi zala ziwiri.

"Bambo a ana, jekete iyi ndiichape kapena ndiikame?"

"Ndi fungo la uhedi limenelo, amayi. Muyambe kulizolowera."

"Uhedi wa mbuzi? Tasiyani zina, bambo. Ngakhale ine pa makina apa sindisoka madiresi awiri nthawi imodzi."

A Zatheka sanamve. Anali ataweramira pa foni, maso ali phethiphethi. "Amayi, taonani nsomba izi! Akuziweta mu mgolo wa pulasitiki, pamwamba pake ndiwo zamasamba. Iii, koma n'zokoma!"

"Mukabweretsa nsomba, mukagone nazo komweko."

Nsomba zokhazo ndi zimene sizinabwere, chifukwa kalole ka alamu kanali ku galaja sabata imeneyo.

Temu itafika pakati, ahedi anaitana a Zatheka. Anawapeza mayiwo akulongedza mabuku awo m'makatoni, akung'ung'udza nyimbo ngati mtsikana wopita ku tchuthi.

"A Zatheka, ine ndawauza kale adzukulu anga kuti chaka chamawa ndidzadzuka dzuwa lili pamutu. Musandisokonezere. Bwezani mbuzi, njuchi ndi abakha, mutsale ndi dimba. Nthawi ikadalipo yoti nyemba zimere."

"Nanga apampando akakhala kuti amakonda njuchi, mayi? Nanga akakhala kuti mtima wawo uli pa mbuzi? Ndiwapatse mbale imodzi pamene ndingawadzazire tebulo?"

"Tebulo lodzaza ndi zosapsa."

"Zipsa, mayi. Zatheka!"

Tsiku la alendo litayandikira, dimba linali mbee ngati dazi. Panalibe ngakhale katsamba kamodzi. A Zatheka anatuma alamu awo kukagula mbande ku nazale ya mumsewu waukulu, ndipo kutatsala tsiku limodzi anakhoma m'dimbamo mbande zazikuluzikulu zobiriwira, n'kulamula kuti wina asazikhudze, kaya m'chilankhulo chanji. Mvula nayo inawakomera mtima, inadzaza thanki mpaka pakamwa.

Makolo tinaitanidwa, ndipo ine, monga mwa nthawi zonse, anandikhazika kutsogolo. Apampando anafika atavala suti yoyera, akomiti anzawo pambuyo.

"Tili ndi m'mawa wokha," anatero akuyang'ana wotchi. "Masana tili ndi msonkhano wina. Tionetseni chachikulu chimene mwachita."

Munthu wina akanati nayi thanki, nali dimba, zikomo. A Zatheka anati, "Muona zonse, bwana, m'zilankhulo zonse ziwiri. A Mmawa atsogole, a Masana abwereze nthawi yomweyo."

Apa ndi pamene panagona nkhani. Masiku onse pakati pa a Mmawa ndi a Masana pankakhala chakudya, ndiye gulu lililonse likamaliza linkatseka zimene latsegula. Koma lero a Mmawa anati, titsekerenji pamene anzathu ali pa chidendene pathu? Anationetsa mbuzi n'kusiya chitseko chosakhoma. Anationetsa nyongolotsi n'kusiya chivundikiro pambali. Kwa abakha chimodzimodzi. Mng'oma anautsegula, ife tikuonera patali, n'kuusiya pululu. Mpopi wa thanki anausiya ukutuluka. Kenako tonse tinabwerera ku dimba kuti tiyambe ulendo wachiwiri ndi a Masana.

Ulendowo ukanayamba pomwepo, mwina zikanayenda bwino. Koma a Zatheka ataona khamu la anthu litaima duu patsogolo pa mbande zobiriwira, mtima unawauza kuti mawu nawonso n'ngokoma. Anakwera pa ndowa yovundikira n'kuyamba kulankhula, chiganizo chilichonse kawiri. Anafotokoza za msonkhano wa kunja, za nyanja zikuluzikulu, za ana a adzukulu athu. A Masana anangoima ndi ana awo, kudikira.

Akulankhula za tsogolo la dziko lapansi, tsogololo linatulukira kuseri kwa kalasi lili ndi nyanga.

Mbuzi zinalowa m'dimba ngati zaitanidwa. Mbande zija, popeza zinalibe mizu m'nthakamo, zinkazuka zathunthu, iliyonse ndi kadothi kake koumbika bwinobwino mmene kanatulukira mu chubu cha ku nazale. Apampando anaweramira imodzi, kuiyang'ana, n'kuyang'ana a Zatheka. Kuseri kwa laibulale kunamveka chikondwerero cha abakha amene anapeza phwando la nyongolotsi. Madzi a mu thanki anabwera akutsetsereka, kudutsa pansi pa mipando yathu mpaka m'dimba. Ana anakuwa ndi chimwemwe, ena m'chilankhulo cha kwathu, ena m'chakunja, kulumpha ndi kuchemerera mbuzi iliyonse ndi dzina lake. Kenako kunamveka kulira kwapansipansi kuchokera kumpanda, ndipo njuchi zinafika kudzafunsa amene anasiya nyumba yawo yotsegula.

Balala! Aphunzitsi anakusira ana m'makalasi n'kutseka mawindo. Akomiti anathamangira ku galimoto. Mayi wina anavala chikwama kumutu. Inenso ndinachokapo, mwaulemu ndithu, ngakhale pali ena akuti ndinadutsa apampando panjira.

Amene anatsala pabwalo ndi a Zatheka okha, ndipo tinkawaona bwino pa windo la holo. Anagwira chingwe cha tonde ndi dzanja lamanja. Ataona bakha akudutsa nyongolotsi ili lende kukamwa, anamukwapatira kukhwapa lamanzere. Ataona madzi akutha, anakokera zonsezo ku thanki n'kutukula mwendo kuti atseke mpopi ndi nsapato. Ali chiimire ndi mwendo umodzi, anaona mbuzi ina ikumaliza mbande yotsiriza, ndiye anatembenuka kuti aikuwire. Njuchi inatera pamphuno. Sanataye chingwe, sanataye bakha, sanatsitse mwendo. Tonde anangokoka kamodzi. Miyendo m'mwamba, khuu! Chagada m'matope, bakha atakhala pachifuwa pawo ngati ndiye wapambana.

M'makalasi munaphulika kuomba m'manja kumene sindinakumvepo ngakhale m'mabwalo akuluakulu a mpira amene ndalowamo.

Njuchi zitabwerera kwawo, akomiti anakumana mu ofesi ya aphunzitsi, chitseko chili chotsegula chifukwa cha fungo la a Zatheka. Apampando anali ndi khutu limodzi lalikulu kuposa linzake, ndipo suti ija sinalinso yoyera.

"A Zatheka, sindikufunsani zambiri. Nditchulireni chinthu chimodzi chimene ana awa achiona chikuyamba mpaka kutha."

A Zatheka anatsegula pakamwa. Mawu aja amene ankatuluka funso lisanathe, lero anakana. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, matope akudontha kuchokera m'makutu.

"Mbuzi zanenepa, bwana."

Wina panja anaseka mpaka kutsamwa. Apampando anatembenukira kwa ahedi.

"Mayi, mutikhululukire. Mutipirireko chaka china, tifunefune munthu kwina."

"Chaka china?" Ahedi anagwira pamtima. "Bwana, mabuku anga ali m'makatoni! Wotchi yondidzutsa ndinapatsa kale mdzukulu wanga!"

"Akubwezerani, mayi."

Ahedi anayang'ana wachiwiri wawo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato imodzi imene inatsala.

"A Zatheka, pitani mukasambe. Mukabwera, mundimasulire makatoni onse, buku lililonse pamalo pake. Ndipo mumasule kamodzi kokha, m'chilankhulo chimene mungakonde."

Umu ndi mmene munthu amene anapatsidwa uhedi m'manja anautayira m'matope, manja onse awiri ali odzaza. Akuluakulu sananame pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.