Tayala la Zaka Zofanana

Anzanga, bwana Chimtengo achita manyazi lero, ndipo pampu yopopera matayala ya bambo anga yapulumuka! Bwanawa, eni maminibasi aja, anabwera akukalipa kuti tayala lawo "latsopano" laphulika chifukwa bambo sanalimate bwino. Ati awapatse lina, apo ayi alanda pampu.

Bambo anati, "Pepani bwana, ndikupatsani la zaka zofanana. Mwavomera?" Anavomera monyada, anthu akumva.

Kenaka bambo analoza manambala anayi m'mbali mwa tayala lophulikalo, 1409. "Awiri oyambawa ndi sabata, enawa ndi chaka. Linapangidwa mu 2009, bwana. Khanda lanuli ndi lalikulu kuposa mwana wangayu!"

Lofanana nalo tili nalo, lija nkhuku zathu zimaikiramo mazira. Bwerani mawa mudzaone bwana akulimbirana tayala ndi thadzi!