Zelesi Athawa Nyimbo za Kusikelo

Zelesi wa ku Mlangeni sanali mayi waulesi, ayi ndithu. Tsiku la sikelo likafika ankasiya khasu m'munda wa kachewere, n'kubereka mwana wake Aida, ulendo ku chipatala chaching'ono cha m'deralo. Kabuku ka mwanayo kanali kolembedwa bwino, katemera aliyense pa tsiku lake. Kunangotsala katemera wa chikuku, wa pa miyezi isanu ndi inayi.

Koma Aida asanayambe n'kukwawa komwe, Zelesi anazindikira kuti waima. Kalanga ine! Mukudziwa inu mmene zimakhalira kusikelo. Ana asanakwezedwe, amayi amayamba aimba nyimbo za kulera akuwomba m'manja, ndipo ikafika yodzudzula otumbiza, maso onse amagwera pa mimba ya munthu mmodzi. Zelesi yemweyo adaimbapo mnzake, mpaka kuvina atamanga chitenje m'chiuno. Lero aimbidwe iye?

"Ndidzapita ndikachira," anauza mwamuna wake Fanizo. "Mwanayutu ndi wonenepa, akudya, akusewera."

A Paison, mlangizi wa zaumoyo, anabwera pa njinga kawiri konse. Ulendo woyamba Zelesi anabisala kuseri kwa khola la nkhumba. Wachiwiri anamupeza pakhonde, atafunda zitenje ziwiri dzuwa likuswa mtengo.

"Mayi a Aida, mwezi wa katemera wadutsatu. Chikuku chalowa m'midzi ya kumtunda kuno."

"Ndibwera Lachitatu, bambo," anayankha akuyang'ana pansi.

Lachitatu linabwera n'kupita, lina n'kubweranso, iye osasuntha. Kenako Aida anatentha thupi, kutsokomola, maso psuu, zidzolo thupi lonse. Ngakhale apo, anthuni, Zelesi anamusunga m'nyumba masiku asanu, poopa kukumana ndi amayi aja pa khomo la chipatala. Zikope zitamatirirana ndi mafinya, Fanizo sanafunsenso. Ananyamula mwana, mkazi wake pambuyo, mpaka kuchipatala chachikulu ku boma.

Namwino anatsegula kabuku kaja, n'kuloza pamene panali posalemba.

"Katemera wa chikuku bwanji, mayi?"

Zelesi anagwira mimba yake, n'kunong'ona: "Ndimaopa kuimbidwa."

Namwino anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. "Kuimbidwa? Mayi inu, ifetu timabaya mwana, sitibaya mimba yanu! Mukanangotuma bambo akewa, kapena mlamu wanu, sitikanamubweza."

Miyezi yonseyo, nzeru yaing'ono ngati imeneyo sinamubwerere Zelesi, chifukwa kwawo mwana amapita kusikelo ali kumsana kwa mayi ake basi.

Patatha sabata, dokotala anawaitana onse awiri. Moyo wa mwana unapulumuka, koma chikuku chinali chitadya maso onse awiri, oyera ngati a nsomba yophika. Fanizo anakhala pansi pa simenti, manja kumutu.

Zelesi anakana, nati zimenezo n'zabodza. Anagwada pafupi ndi bedi, nagwedeza dzanja pamaso pa mwanayo. Maso osaphethira.

"Aida! Aida mwanawe, ndine amako!"

Mwana anamwetulira atamva mawu aja, natambasula timanja take, koma anatilozetsa ku khoma. Zelesi analira mokuwa mpaka odwala a m'chipinda china anatuluka kudzaona. Nyimbo ankaithawayo ikanatha tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, koma Aida sadzaonanso nkhope ya mayi ake. Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi idafera kuuna.